Kulima dimba kuseri kwa nyumba nyama osakutherani

Munthu akaganiza zoyamba dimba kuseri kwa nyumba, amathamangira kukagula mbewu. Ine ndimati ayi, yambani ndi waya. Mbande za kabichi zimene mwazilera mwezi wathunthu pa nazale, kalulu mmodzi amazimaliza usiku umodzi. Tomato amene mwamudikira miyezi itatu amapsa tsiku lomwelo limene mbalame nazonso zakhala zikudikira. Walira mvula walira matope: wadzala ndiwo zamasamba waitana alendo, ena a miyendo inayi, ena a mapiko, ena okwawa. Alendowo sadana nanu, yawavuta ndi njala basi. Ndipo m'tauni muli nyama zambiri kuposa mmene timaganizira, kungoti zambiri zimayenda ife tili m'tulo.

Zambiri zimene ndilembe pano ndazidziwira pa mpikisano wa ine ndi msuweni wanga. Iye amakhala mumzinda wa kuchigwa, kotentha. Ine ndili mumzinda wa kumtunda, kumene kumacha ndi nkhungu. Anthu a mizinda iwiriyi anayamba kalekale kusereulana pa za mpira, pa za misewu, pa za kumene kuli anthu ochangamuka, ndiye ife tinangowonjezerapo tomato ndi kabichi. Madimba athu ndi ofanana kukula ndipo mbewu timagawana, koma zotuluka zake n'zosiyana, akuba akenso ndi osiyana. Iye amalimbana ndi apusi ndi makoswe, ine ndimalimbana ndi nkhono, mbalame ndi mfuko. Amene angokopera zimene mnzake wachita kumzinda winawo, chaka chimenecho waluza.

Malo, dothi ndi madzi

Musanagwire khasu, tengani tsiku limodzi muone kumene mthunzi wa nyumba ndi wa mpanda umagwera m'mawa, masana ndi madzulo. Tomato, tsabola, maungu ndi nyemba zimafuna dzuwa la maola 6 kapena kuposerapo. Letesi ndi masamba ena zimapirira ngakhale litakhala la maola 4.

Yambani pang'ono. Mabedi awiri, lililonse mamita 1.2 m'lifupi ndi mamita 3 m'litali, akwanira. M'lifupi mwake musapitirire pamenepo kuti dzanja lizifika pakati musanapondemo, chifukwa dothi lopondedwa limauma gwa ndipo mizu imalephera kulowa. Chifukwa china chachikulu choyambira pang'ono n'chakuti dimba laling'ono mungathe kulitchinga lonse, mbali zonse mpaka pamwamba. Dimba lalikulu lotchinga theka silisiyana ndi losatchinga.

Gaulani mpaka masentimita 30. Dothi la m'tauni nthawi zambiri limakhala ndi zibenthu za njerwa, simenti ndi mapulasitiki zimene omanga nyumba anakwirira, ndiye zitoleni zonse. Ngati malowo ali pafupi ndi khoma lakale limene penti yake ikusupuka, kapena m'mphepete mwa msewu wodutsa magalimoto ambiri, dothilo likhoza kukhala ndi mtovu, chitsulo chimene ndi poizoni kwa munthu. Zikatero ndi bwino kumanga bedi lokwera n'kudzazamo dothi lochokera kwina. Pamwamba thirani manyowa owolerana bwino okwana masentimita 5, musakanize ndi dothi lapamwamba. Ndowe zaziwisi zimawotcha mizu ndiponso zimanyamula tizilombo totsegula m'mimba. Malamulo a ulimi wosagwiritsa ntchito mankhwala ku United States amati ndowe zotere zilowe m'dothi masiku 120 musanakolole mbewu zokhudza dothi monga karoti ndi letesi, kapena masiku 90 pa zimene zimabereka m'mwamba. Ine ndimangotsatira zomwezo. Pa mulu wa kompositi musatayepo nyama, mafuta kapena zakudya zophikaphika. Mukatero mwamangira makoswe nyumba pafupi ndi dimba.

Madzi ake ndi pafupifupi malita 25 pa sikweya mita iliyonse pa sabata, ndipo kotentha amafunika oposa pamenepo. Thirirani mokhathamiritsa kawiri kapena katatu pa sabata, m'mawa, patsinde, osati kungowaza pamasamba tsiku ndi tsiku. Pisani chala m'dothi: ngati pansi pali chinyezi, dikirani. Phimbirani ndi udzu wouma, koma siyani kampata kuzungulira tsinde chifukwa nkhono zimakonda kubisala m'maudzu onyowa.

Mzinda wanu ndi umene umasankha mbewu

Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6.5. Kusiyana kumeneku kumaoneka kochepa papepala, koma m'dimba n'kumene kumagamula mpikisano.

Tomato amakonda kutentha, koma kuli malire. Masana kukapitirira madigiri 32, usiku n'kukhalabe pamwamba pa 21 kapena 22, mungu wake umawonongeka ndipo maluwa amayoyoka osagwira chipatso. Msuweni wanga anaimba foni nyengo ina atakhumudwa: "Asuweni, mbewu yanu ija kuno ikungochita masamba. Maluwa onse ali pansi." Ndinamuuza kuti, "Asuweni, mbewuyo ilibe mlandu. Fesani moti adzachite maluwa kukayamba kuzizirira, ndipo masana muzimutchingira ndi neti ya mthunzi." Chimene iye amandiposa nacho chaka ndi chaka ndi tsabola, mabiringanya, therere ndi mbatata, mbewu zimene kwa ine zimakula monyinyirika. Koma letesi kwa iye amathamangira kutulutsa phesi la maluwa n'kuyamba kuwawa, pamene kwa ine letesi, kabichi, karoti ndi nsawawa zimasangalala, poti zimakonda madigiri apakati pa 15 ndi 20.

Kuzizira nako kuli ndi msonkho wake. Nkhungu ndi mame zikamachedwa kuuma pamasamba, chiwawu chimagwira tomato. Kachilombo kake ndi Phytophthora infestans, komwe kanawononga mbatatesi ku Ireland kuyambira mu 1845 n'kugwetsa dzikolo m'njala yoopsa. Masamba amachita mawanga akuda onyowa, kunsi kwake kumachita tinkhungu toyera, ndipo pakatha sabata bedi lonse lapserera. Ngati kwanu n'kotere, bzalani tomato motalikirana masentimita 60, mumumangirire ku mitengo, muthothole masamba apansi, ndipo m'nyengo ya mvula muike denga la pulasitiki pamwamba koma m'mbali musiye mphepo izidutsa.

Chitsanzo chimene ndimachikonda cha mmene malo amathandizira mbewu ndi cha ku Alaska, dera lozizira la United States. Mu 2012, pa chionetsero cha zaulimi ku Palmer, panayezedwa kabichi wolemera makilogalamu 62.7. Kumeneko m'chilimwe dzuwa limawala maola pafupifupi 19 patsiku, kunja kuli kozizirira, ndiye kabichi amangokula osapuma. Mlimiyo anali katswiri, inde, koma malo anamuthandiza. Inunso funsani achikulire amene alima m'dera lanu kwa zaka zambiri kuti mwezi uti amafesa chiyani. Zimene zalembedwa pa paketi ya mbewu n'zongoyambira chabe.

Mudziweni kaye wakubayo

Anthu ambiri amawononga ndalama apa. Aona masamba adyedwa, athamangira mankhwala opopera, chonsecho wadyayo ndi kalulu. Nyama iliyonse imasiya chizindikiro chake, ndipo kuwerenga zizindikirozi ndi luso limene limakoma mukalizolowera.

Madzulo salazani mchenga wonyowa kuzungulira bedi, kapena sefani phulusa pang'ono m'njira. M'mawa mudzapeza mapazi. Kenako, pakatha maola awiri chidereni, tulukani ndi tochi muunike kunsi kwa masamba. Theka la akuba mudzawapeza ali pantchito.

Mbande ikadulidwa mopendekeka, podulapo posalala bwino, pambali pali tindowe tozungulira touma, ameneyo ndi kalulu. Gwape ndi abale ake alibe mano akutsogolo a m'mwamba, ndiye sadula koma amamwetula: nsonga zimatsala zong'ambikang'ambika, ndipo pansi pamakhala mapazi a ziboda zogawanika. Mbande ikagona pansi itadulidwa pamene tsinde likukumana ndi dothi, masamba ake osadyedwa n'komwe, fukulani ndi chala pafupi pomwepo. Mupeza mbozi yotuwa, yonenepa, imene imadzipinda mukaikhudza. Masana imagona m'dothi, usiku imadula. Mankhwala ake ndi botolo lapulasitiki lodula mbali zonse ziwiri, kuliveka mbande n'kulilowetsa m'dothi masentimita 3, pamwamba n'kutsala 6 kapena 7.

Nkhono sizibisika, zimasiya kanjira konyezimira ndi mabowo osalongosoka pakati pa tsamba. Mbalame zimajompha tomato mbali imene yayamba kufiira, bowo lake lakuya, losongoka, ndipo zimazula nsawawa ndi letesi zikangomera. Khoswe amadya usiku, amayamba ndi zipatso zapansi, ndipo mukayang'anitsitsa podyedwapo muona timizere tiwiritiwiri ta mano ake. Nthawi zina amakokera chipatso pakona ya mpanda n'kukadyera komweko. Gologolo amabwera masana, amaluma kamodzi, n'kusiya, n'kukaluma china. Nungu imakumba mbatata ndi karoti n'kusiya munga umodzi kapena iwiri ngati umboni. Apusi ndi anyani sasowa kufufuza: mitengo yothyoka, zipatso zosapsa zolumidwa n'kutayidwa, bedi lonse mbwee.

Wovuta kumuzindikira ndi mfuko, chifukwa simuiona. Chomera chimafota dothi lili lonyowa. Mukachikoka chimangozuka mopepuka, mizu palibe. Ndinaonapo tsinde la karoti likugwedezeka lokha m'mawa kunja kuli bata, kenako likutitimira pang'onopang'ono mpaka masamba okha kutsala pamwamba pa dothi. Milu ya dothi latsopano m'kapinga ndiyo imakuuzani kuti njira zake zafika.

Musaiwalenso za pakhomo. Nkhuku za aneba zimapalasa bedi longofesedwa kumene, mphaka amakonda dothi lofewa pochita chimbudzi, mbuzi imodzi ikapeza geti lotsegula yamaliza zonse. Musanaloze chala nyama zakutchire, onani kaye mapazi.

Kutchinga

Pa zonse zimene ndayesa, chimene chimagwira ntchito chaka ndi chaka ndi chotchinga chimene nyama singathe kudutsa. Zina zonse n'zongothandizira.

Kwa akalulu, gulani waya wa maso osapitirira masentimita 2.5, chifukwa tiana tawo timadutsa pa maso akulu. Pamwamba pa dothi atalike masentimita 90. Chinsinsi chili pansi: kumbani ngalande ya masentimita 15, mulowetse wayayo, ndipo kumunsi kwake mumupinde cha kunja masentimita 20 kapena 30 musanakwirire. Nyama ikafika pa mpanda imakumba pomwepo, imagunda waya wopindayo n'kugwa ulesi, siganiza zobwerera m'mbuyo kuti ikayambire patali. Nungu imafuna waya wolimba kuposa wa khola la nkhuku, wowotcherera, wokwiriridwa mozamirapo. Agwape ang'onoang'ono amakonda kukwawira pansi, ndiye mpanda wogwira dothi bwino umawaletsa. Koma kumene kuli mitundu ikuluikulu yodumpha, mpanda umafunika kufika mamita 2.4.

Samalani geti. Mipanda yambiri yabwino imagonja pa kampata ka pansi pa geti. Ikanipo njerwa kapena thabwa kuti pasatsale poti n'kulowetsa chibakera, ndipo ikani chotsekera chimene ana a pakhomo angathe kutseka mosavuta.

Mfuko imatchingidwa musanadzale. Kumbani bedi, yalani pansi pake waya wosachita dzimbiri wa maso a sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, mumukwezere m'mbali mpaka atulukire pamwamba, kenako bwezerani dothi lokwana masentimita 30 kapena kuposa kuti karoti apeze pokulira. Polumikiza zidutswa ziwiri, zisanjikizane masentimita 10 ndipo muzimange. Ndi ntchito ya thukuta, koma mumaigwira kamodzi n'kupuma zaka zingapo.

Kwa mbalame, pindani mapaipi apulasitiki kapena nsungwi kuchokera mbali ina ya bedi kufika mbali inayo, n'kuyala neti pamwamba. Neti ikhale yokungika, m'mphepete mwake mopsinjidwa ndi njerwa kapena matabwa. Apa ndikupemphani chinthu chimodzi ndi mtima wonse: musagule neti ya maso akuluakulu, ndipo musangoiponya pa zomera ili lende. Neti yotere imakola mbalame, mileme, abuluzi ndi njoka, ndipo zimafa imfa yowawa, zikulimbana ndi ulusi padzuwa. Ku Victoria, m'dziko la Australia, kuyambira pa 1 September 2021 lamulo limati neti yotchingira zipatso pakhomo ikhale ya maso osapitirira mamilimita 5. Poyesa n'posavuta: ngati chala chanu chikulowa pa diso la neti, isiyeni m'sitolo momwemo. Neti ya maso ang'ono ili ndi phindu linanso, imaletsa agulugufe ambiri kuikira mazira pa kabichi.

Koma neti imatsekeranso njuchi kunja. Kwa kabichi, letesi, karoti ndi anyezi palibe vuto, poti simufuna maluwa ake. Tomato amadzipatsa yekha mungu, ingogwedezani mtengo wake pang'ono m'mawa maluwa akatseguka. Maungu ndi nkhaka ndiye zimadalira njuchi. Muzivundukula neti m'mawa, kapena gwirani nokha ntchito ya njuchi: duwa lachimuna lili pa kaphesi kowonda, lachikazi lili ndi kachipatso kunsi kwake. Thyolani lachimuna, chotsani timasamba take, mukhudzitse pakati pa lachikazi kukadali m'mawa maluwawo asanatseke.

Apusi ndi nkhani ina. Ali ndi manja, amaonerera mmene inu mukutsegulira, ndipo amakumbukira. Mpanda wopanda denga kwa iwo ndi makwerero. Msuweni wanga anamanga khola lathunthu: mitengo ya mamita 2, waya wowotcherera m'mbali ndi pamwamba, chitseko cha loko. Chakudya cha galu sachisiya panja, bini ya zinyalala amaimanga chivundikiro, mawindo a kukhitchini amatseka akamachoka. Chovuta kwambiri chinali kukambirana ndi aneba amene ankaponyera apusi zipatso poti amasangalatsa ana. Pusi wozolowera kulandira kwa anthu amasiya kuopa, ndipo mapeto ake amaluma munthu n'kuphedwa. Akabwera, apopereni madzi a paipi, muli chapatali. Musawatsekereze pakona, musayandikire wa mwana. M'mayiko ambiri nyamazi n'zotetezedwa ndi lamulo, ndiye zikafika povuta itanani a zanyama zakutchire a m'dera lanu.

Pali njira ina yosafuna waya: kukolola msanga. Tomato akangoyamba kusintha mtundu kunsi, kuchoka kobiriwira kupita kotuwira kapena kofiirira, wakhwima kale. Mutcholeni, akapsere m'nyumba pa mthunzi. Amatulutsa yekha mpweya wa ethylene umene umamupsetsa, ndipo kukoma kwake sikusiyana kwenikweni. Mbalame zimakopeka ndi kufiira, ndiye mwazilanda zisanaone. M'nyengo youma ndimaikanso beseni la madzi kutali ndi mabedi, chifukwa ndaona kuti zambiri zojompha tomato nthawi imeneyo zimafuna madzi a m'katimo. Madziwo muzisintha pakatha masiku awiri kapena atatu kuti udzudzu usaswane.

Zimene sizithandiza, ndi zimene zimapha osalakwa

Chidole cha nsanza, ma CD akale olendewera pa chingwe, kadzidzi wapulasitiki, zonsezi zimaopseza masiku ochepa. Mbalame zikaona kuti chinthucho sichisuntha, zimatera pamutu pake. Ngati mukuzigwiritsa ntchito, muzizisuntha pafupipafupi, ndipo muziike pa nthawi yokhayo imene mbewu zili pangozi.

Madzi a tsabola wowawa amathamangitsa akalulu, agologolo ndi nyama zina zoyamwitsa kwa kanthawi, mpaka mvula kapena kuthirira kutawatsuka. Mbalame sizimva kuwawa kwa capsaicin, mankhwala amene amachititsa tsabola kuwawa, ndiye kwa izo mwangotaya nthawi. Za makoko a mazira ozunguliza mbande, bungwe la Royal Horticultural Society la ku Britain linayesa mu 2018 pa letesi, pamodzi ndi tepi ya kopa ndi zina zotere, ndipo linapeza kuti nkhono zinadya chimodzimodzi. Chimene chimachepetsadi nkhono ndi manja anu. Tolani usiku ndi tochi, makamaka kukagwa mvula. Yalani thabwa lonyowa pakati pa mabedi, m'mawa mulitembenuze, mupeza zasonkhana kunsi. Timibulu topha nkhono ta metaldehyde timaphanso agalu ndi mbalame, moti ku Britain anatiletsa kugwiritsa ntchito panja kuyambira mu 2022. Ngati mukufunadi mankhwala, funani a ferric phosphate.

Poizoni wa makoswe ndiye ndimadana naye kwambiri. Wambiri amagwira ntchito poletsa magazi kuundana, ndipo khoswe amatha masiku angapo akuyenda mofooka asanafe. Khoswe wofookayo ndi amene kadzidzi, mphaka kapena galu wanu amamugwira mosavuta, poizoni n'kupitirira kwa iwo. Mwapha mlenje amene amakugwirirani makoswe usiku uliwonse kwaulere. Tcherani misampha yofwamphuka m'mphepete mwa khoma, poti khoswe amayenda motsamira khoma, ndipo muiike m'kabokosi ka bowo laling'ono kuti mbalame ndi zala za ana zisafikepo. Misampha ya guluu ndi nkhanza, isiyeni. Chotsani milu ya matabwa ndi zinyalala pafupi ndi dimba, tolani zipatso zogwa tsiku lililonse.

Chipatso chimene khoswe waluma, tayani chonse. Mkodzo wa makoswe umafalitsa matenda a leptospirosis, ndipo nkhono zimatha kunyamula tinyongolotsi toopsa kwa munthu. Choncho masamba odya osaphika muziwatsuka limodzilimodzi pa madzi oyenda, ndipo mukatola nkhono muzisamba m'manja ndi sopo.

Si nyama zonse zimene zabwera kudzaba. Chule amene mwamupeza pansi pa tsamba la dzungu amadya mbozi ndi nkhono zazing'ono usiku wonse. Abuluzi, bilimankhwe, akangaude ndi timbalame todya tizilombo ndi antchito anu. Ine ndimasiya mphika wosweka chovundikira pa mthunzi kuti achule azibisalamo, ndipo zitsamba zina zonunkhira ndimazisiya zichite maluwa kuti zikope tizilombo timene timadya nsabwe za m'masamba. Mukapopera mankhwala opha chilichonse, oyamba kutha ndi amenewa, ndipo nsabwe zimabwerera zisanabwerere zozidya.

Pa tizilombo ting'onoting'ono ndingonena ziwiri. Kabichi akachita timabowo tooneka ngati mawindo, tsamba litatsala kakhungu kokha, yang'anani kunsi mupeza timbozi tobiriwira timene timadzigwetsa pa ulusi mukatikhudza. Mankhwala a Bt, ochokera ku bakiteriya wa m'dothi wotchedwa Bacillus thuringiensis, amapha mbozi osavulaza njuchi, ndipo amapoperedwa madzulo poti dzuwa limawafooketsa. Pa tomato pali Tuta absoluta, kagulugufe kochokera ku South America kamene kanapezeka ku Spain mu 2006 n'kufalikira ku Europe, Africa ndi Asia. Mbozi zake zimalowa m'kati mwa tsamba n'kusiya zigamba zotuwa. Thotholani masamba oterowo msanga, muwatsekere m'jumbo n'kuiika padzuwa, musawataye pa kompositi. Ndipo tomato, tsabola, mabiringanya ndi mbatatesi ndi banja limodzi, ndiye zisatsatizane pa bedi limodzi. Pakati pake dzalanipo nyemba, anyezi kapena kabichi.

Mpikisano wake

Ngati muli ndi m'bale kapena mnzanu kumzinda wina, muputeni. Palibe chimene chimadzutsa munthu m'mawa kukathirira kuposa chithunzi cha pa WhatsApp cha tsabola wa mnzake, pansi pake palembedwa kuti, "Asuweni, kwanu kozizirako zamera?" Koma gwirizanani malamulo mbewu zisanalowe m'dothi.

Lathu loyamba ndi lakuti timawerenga zokhazo zimene zafika kukhitchini. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Tomato wokongola amene munamujambula ali pa mtengo, usiku n'kudyedwa ndi khoswe, sawerengedwa. Lamulo limeneli ndi limene linatichititsa tonse awiri kuika mtima pa waya ndi neti. Chilichonse chimakwera pa sikelo ya kukhitchini, chithunzi chimajambulidwa manambala akuoneka, ndipo timalemba m'kope tsiku, mbewu ndi kulemera kwake. Pomaliza timagawa ndi kukula kwa bedi kuti tione makilogalamu pa sikweya mita, wa malo aakulu asadyere mnzake masuku pamutu.

Poti nyengo n'zosiyana, aliyense amasankha mbewu imodzi imene kwawo imachita bwino, iye tsabola, ine kabichi, ndipo izi n'zongonyadirana. Mpikisano weniweni uli pa mbewu imodzi imene tonse timafesa kuchokera mu paketi imodzi. Zitheba za mtundu wosayanga n'zabwino pa ntchitoyi: zimamera kotentha ndi kozizirira komwe, zimayamba kubereka pakatha masiku 50 mpaka 60, ndipo nyama zambiri zimazikonda, ndiye zimayesa mpanda wa aliyense mofanana. Aliyense amafesa pa mwezi umene ukuyenera kwawo. Kopelo lili ndi ntchito inanso: timalembamo chimene chadyedwa, chadyedwa ndi chiyani, mwezi uti. Pakatha zaka ziwiri zitatu mumayamba kudziwiratu kuti nkhono zimabuka ndi mvula yoyamba, mbalame zimavuta kunja kukauma, ndipo neti mumaiyala sabata imodzi zisanafike.

Aneba akaona, ena amafuna kulowa nawo, ndipo apo ndiye zimakoma, msewu wathu kulimbana ndi msewu wawo. Phindu lake n'lakuti mpukutu wa waya mumagula pamodzi n'kugawana, ndipo nkhani ya mabini osatseka ndi kudyetsa apusi imakambika mosavuta anthu akakhala mbali imodzi.

Woluza amatumiza mbewu kwa wopambana, zosankhidwa ku chomera chake chabwino koposa. Sungani mbewu za mitundu yosakhala ya haibulidi, chifukwa za paketi yolembedwa F1 ana ake satengera kholo. Za tomato, finyirani njere ndi madzi ake m'kapu, zikhale masiku awiri kapena atatu mpaka pamwamba pachite thovu, muzitsuke, muziyanike pa mbale pa mthunzi, zikauma muziike mu envelopu ya pepala yolembedwa dzina ndi chaka. Za nyemba zisiyeni ziumire pa chomera pomwepo mpaka makoko azichita phokoso mukawagwedeza. Tumizani njere zouma zokha, osati mbande za dothi kumizu, chifukwa dothi limanyamula tinyongolotsi totupitsa mizu ndi matenda ena amene akalowa m'bedi la mnzanu satulukamo msanga. Ngati mzinda winawo uli kutsidya kwa malire a dziko, funsani kaye a zaulimi za chilolezo musanatumize.